Kuchokera ku Mexico City mpaka ku Sapioriz: kutsata nyimbo zoimbidwa ndi pakamwa pokha

Lolemba, Mexico City

Mzinda uno uli pamwamba, mamita pafupifupi 2,240 kuchokera pa nyanja yamchere, kuwirikiza kawiri pamene pali Lilongwe. Woimba amadziwira pachifuwa. Mpweya umene munthu amakoka kuno uli ndi okosijeni wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndiponso ndi wouma. Mzere wa nyimbo umene kumunsi mumaumaliza ndi mpweya umodzi, kuno umakutherani pakati. Choyamba kuwonongeka ndi kiyi. Mpweya ukamatha, noti yomaliza imatsika pang'ono, ndipo popeza palibe limba lokubwezerani pamalo, mzere wotsatira umayambira pomwe mwatsikirapo. Pofika ndime yachinayi nyimbo yonse yatsika theka la noti, a besi akungokwawa pansi.

Kwaya yochokera kumunsi iwonjezere malo opumira pa pepala ndi pensulo isanayambe kuyeseza, osadikira kuti thupi liikakamize. Oimba gawo limodzi asapumire pamalo amodzi: wina apume pakati pa liwu, alumphe noti imodzi, alowenso mwakachetechete anzake akugwirabe. Madzi ayambe kumwedwa m'mawa, chifukwa omwa pakhomo la tchalitchi safewetsa pakhosi nthawi yomweyo. Masiku awiri oyamba nyimbo zofuna mphamvu zidikire.

Masana tinalowa mu Catedral Metropolitana, pa bwalo la Zócalo. Anayamba kuimanga mu 1573 ndipo inatha mu 1813. Malo a oimba sali kutsogolo kapena kumbuyo. Ali pakati penipeni pa tchalitchi, otchingidwa mbali zitatu, mipando yamatabwa itazungulira, malimba awiri aakulu ali pamwamba. Pakati pali chiguwa chozungulira chimene amachitcha facistol, poikapo mabuku a nyimbo aakulu kwambiri moti oimba onse ankawerenga buku limodzi ataima pafupipafupi. Moto wa mu 1967 unawononga mbali ya malowa ndi malimba, kenako anakonza.

Muno ndi mmene Hernando Franco anatsogolera oimba kuyambira 1575 mpaka imfa yake mu 1585. Francisco López Capillas, wobadwira mumzinda uno, anagwira udindowo kuyambira 1654 mpaka 1674, ndipo Manuel de Zumaya anautenga mu 1715. Nyimbo zawo ndi zimene makwaya ambiri amayambira akafuna kuimba za Mexico popanda zing'wenyeng'wenye. Koma eni ake kawirikawiri sankaimba ndi pakamwa pokha. Pansi pa a besi pankalira bajón, chitoliro chachitali chamtengo cha mawu aakulu, ndipo pa zikondwerero pankakhala zeze, limba ndi zitoliro zina. Mukachotsa bajón mwachotsa chimene chinkagwira kiyi ndi kulemeretsa pansi. Nchifukwa chake gulu la oimba awiriawiri pa gawo lililonse limamveka lopepuka m'nyimbozi. Pa besi ikanipo atatu.

Nyimbo za Franco zotamanda za Maria zimasinthanitsa ndime: ina ya magawo anayi, yotsatira ya mzere umodzi wa kaimbidwe kakale ka m'tchalitchi kotchedwa ka Gregorio. Kiyi imatayika pa ndime ya mawu amodziyo, pamene oimba amabwereza noti imodzi maulendo ambiri ndipo kubwereza kulikonse kumatsika pang'ono. Perekani ndimezo kwa anthu awiri kapena atatu a khutu labwino, osati kwaya yonse.

Lachiwiri, Mexico City

Lero linali tsiku la nyimbo za kumudzi zimene kuno amazitcha son. Mwambo woziimba m'kwaya ndi wakale ndithu. Luis Sandi anayambitsa Coro de Madrigalistas mu 1938, kwaya imene lero ili pansi pa bungwe la boma la zaluso la Bellas Artes. Gulu la Voz en Punto, limene José Galván anayambitsa mu 1990, linatchuka chifukwa chosandutsa pakamwa kukhala magitala, malipenga ndi malimba a nyimbo za dziko lino. Koma wofuna kukonza nyimbo zotere ayambe wamvera eni zida. Madzulo tinaima pa Plaza Garibaldi, pamene magulu a mariachi amaimbira aliyense wolipira, kumvetsera ntchito ya chida chilichonse pachokha.

Guitarrón ndi gitala wamkulu wa mimba yotupa, wa nsambo 6. Woimba amakoka nsambo ziwiri nthawi imodzi, noti imodzi pansi ndi pamwamba, ndipo kulira kwake kumatuluka mwamphamvu n'kuzima msanga. Wa besi amene akuitsanzira asagwire noti motalika monga m'nyimbo za m'tchalitchi. Atchule "dum" mwachidule, atseke milomo nthawi yomweyo, mawu azimire m'mphuno. Ngati pali a besi awiri, wina aimbe noti yomweyo pamwamba. Vihuela, kagitala kakang'ono ka nsambo 5, sikaimba nyimbo ayi, kamangokwapula. A aluto ndi a tena ndiwo amatenga ntchito imeneyi, ndipo cholakwika chofala nchakuti amaika mawu ochuluka pa noti iliyonse mpaka kuphimba wotsogolera. Zilembo zolimba monga "ch", "k" ndi "t" zimveke, koma mavawelo akhale aafupi ndi apansipansi. Malipenga awiri amayenda limodzi, wina pa noti ya d (do) wina pa m (mi), ndipo amalowa pamene woimba wapuma. Akalowa mawu akuimbidwa, omvera samvanso nkhani ya nyimboyo.

Chovuta chachikulu ndi kagundidwe. Muyeso umodzi uli ndi tizigawo 6, ndipo tingagawidwe pawiri, titatutitatu, kapena patatu, tiwiritiwiri. Pa pepala amalemba 6/8 ndi 3/4. M'nyimbo za son zonse ziwiri zimachitika, nthawi zina mosinthana muyeso ndi muyeso, nthawi zina pamodzi, besi ikuyenda patatu pamene kukwapula kukuyenda pawiri. Akatswiri a kuno amati sesquiáltera. Amene tinakulira pa ng'oma ndi kuwomba m'manja sitiona chachilendo tikamamvera, koma pepala likafika m'manja ambiri timauma, kuyamba kuwerenga m'malo momva. Yesezani chonchi, mapepala ali pansi. Onse awerenge mokweza kuyambira 1 mpaka 6 mobwerezabwereza. Theka la kwaya liwombe pa 1 ndi 4, theka lina pa 1, 3 ndi 5. Zikakhazikika asinthane. Kenako aliyense aponde phazi pa 1 ndi 4 manja akuwomba 1, 3, 5. Pomaliza siyani kuwerenga mokweza. Pakadutsa mphindi khumi za zimenezi m'pamene mungapereke manoti.

Wotsogolera asasinthe dzanja muyeso uliwonse. Akamenya pawiri kenako patatu, kwaya imathamanga pa patatupo chifukwa dzanja likuoneka kufulumira. Amenye kamodzi pa muyeso, oimba agawe okha mkati.

Son jarocho ya ku Veracruz ili ndi china chowonjezera: mapazi. Ovina amaponda pa thabwa lokwezeka lotchedwa tarima, ndipo kugunda kwa nsapato ndi gawo la nyimbo, sikukongoletsa chabe. Gulu loimba ndi pakamwa limene lasiya mapazi latsala ndi theka la nyimbo. Munthu mmodzi aponde pa thabwa lenileni, chifukwa simenti siyankha. Ndipo son huasteco, ya kudera la Huasteca, imafuna kuti woimba adumphe mwadzidzidzi kuchoka pa mawu a pachifuwa kupita pa mawu a m'mutu, pa silabo imodzi. Oimba ophunzira anathera zaka akubisa pothyokera mawu pawo. Kuno kuthyokako n'kumene omvera akudikira, ndipo woimba akakusalaza, ife timaona kuti nyimbo yaphedwa.

Lachitatu, Puebla

Basi yochokera pa siteshoni ya TAPO imatenga maola awiri. Kumanja kumaoneka mapiri a Popocatépetl ndi Iztaccíhuatl kukakhala kopanda mitambo. Puebla nayonso ili pamwamba pa mamita 2,100, choncho za mpweya sizinasinthe.

Tchalitchi chachikulu cha kuno anachidalitsa mu 1649, nthawi ya Episkopi Juan de Palafox y Mendoza, amene ankaika chuma chambiri pa nyimbo. Wotsogolera oimba anali Juan Gutiérrez de Padilla, wobadwira ku Málaga ku Spain, amene anagwira ntchitoyo kuyambira 1629 mpaka imfa yake mu 1664. Cha m'ma 1645 anali ndi anyamata 14 ndi amuna 28, ena mwa iwo oliza zida, ndipo iye mwini anali ndi malo opangirako zida zoimbira. Nyimbo zake zazikulu ndi za makwaya awiri oyankhizana, magawo 8 onse pamodzi.

Tinamvera gulu lina likuyeseza nyimbo yotere m'tchalitchi china chamiyala, ndipo vuto lake linali lija limagwira aliyense. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Makwaya awiri akatalikirana mamita 17, iliyonse imamva inzake mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Zikuoneka zochepa, koma kwaya yachiwiri ikadikira kumva kaye isanayankhe, yoyamba nayonso n'kudikira, kuchedwako kumaunjikana poyankhana paliponse, ndipo nyimbo imene inayamba mwachangu imafika kumapeto ikukokedwa. Lamulo nlakuti lowani ndi diso, pa dzanja la wotsogolera, ngakhale khutu likukuuzani kuti mwafulumira. Kwa gulu laling'ono la anthu 8 mpaka 16 palibe chifukwa chotalikirana chonchi. Mamita atatu kapena anayi akwanira, a besi a mbali zonse ziwiri ataima chapakati kuti azimvana.

M'nyumba yamiyala mawu amatsalira m'mwamba masekondi angapo. Chifukwa cha ichi "s" womaliza liwu atchulidwe ndi anthu ochepa, apo ayi amamveka ngati mzere wautali wa mluzu. Pambuyo pa poimira pamphamvu dikirani kuti za m'mwambazo zizime musanayambe mzere wa kiyi ina. Liwiro limene linakoma m'chipinda choyesezera lichepetsedwe pang'ono, koma masilabo akhale aafupi kuposa kale. Ambiri amachita zosiyana: amachedwetsa ndi kutalikitsa, zonse n'kusanganikirana.

Chinanso ndi kutalika kwa manoti. Nyimbo zina za nthawi imeneyo zinalembedwa ndi zizindikiro zokweza, ndipo oimba ankadziwa kuti poimba azitsitsa, kawirikawiri ndi manoti anayi. Mabuku ena amakono anangokopera monga zinalembedwera. Mukaona a sopulano akukhala pa noti zapamwamba tsamba lonse pamene a besi safika pansi konse, musazunze anthu. Tsitsani nyimbo yonse, muyese.

Pa katchunidwe, kwaya yopanda limba ili ndi mwayi umene limba lilibe. Pogwira d, m ndi s motalika, m akhale pansi pang'ono poyerekeza ndi wa pa kiyibodi, s akhale wowala, ndipo mudzamva kugwedezeka kwa mawu kukuleka. Koma m wotsikayo asakhale poyambira mzere wotsatira. Potsika masitepe oimba amaponda patali, pokwera amaponda pafupi, ndipo zonsezi zimakokera pansi. Muziwakumbutsa: potsika, masitepe aang'ono, pokwera, aakulu.

Lachinayi, panjira ya ku Oaxaca

Maola anayi ndi theka pa basi, msewu wokhotakhota m'mapiri ouma. Tinagwiritsa ntchito nthawiyi kulemba za katchulidwe, chifukwa nyimbo za mawa zili m'zilankhulo ziwiri.

Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, otchulidwa monga a Chichewa. Apa woimba wa kwathu ali patsogolo pa Mngelezi, amene amapinda vawelo iliyonse. Mavuto athu ali pena. Ife "l" ndi "r" timawasinthanitsa popanda kutaya tanthauzo, pamene kuno pero, pelo ndi perro ndi mawu atatu osiyana. "R" mmodzi ndi kugunda lilime kamodzi, awiri kapena woyamba liwu ndi kulinjenjemeretsa. Chachiwiri, pakamwa pathu pamafuna kutseka silabo iliyonse ndi vawelo, motero liwu lothera pa "r", "l" kapena "s" timaliwonjezera mchira. Mchirawo ndi silabo yatsopano yopanda noti, ndipo m'nyimbo yothamanga ya 6/8 umagwetsa kagundidwe konse. Yesezani kutseka liwu ndi kukhala chete. Chachitatu, liwu likathera pa vawelo lotsatira n'kuyambira pa vawelo, awiriwo amalowa pa noti imodzi. Lembani kauta pansi pake. Mphamvu ya liwu kawirikawiri ili pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto monga kwathu, koma pamene pali kachizindikiro pamwamba pa vawelo, kapena liwu likathera pa "r", "l", "d" kapena "z", imasuntha. Ku Mexico "z" ndi "c" wa patsogolo pa e kapena i amamveka "s".

Chinahuatl, chilankhulo cha Aaziteki chimene anthu oposa miliyoni imodzi akulankhulabe, n'chosavuta kwa ife. "X" ndi "sh", "hu" ndi "w", "tz" ndi "ts" wathu yemwe, ndipo mphamvu ili pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto. Chovuta ndi "tl", amene ndi kamvekedwe kamodzi: lilime likhale pamalo a "t", mpweya utulukire m'mbali. Musaike vawelo pakati kapena pambuyo.

Lachisanu, Oaxaca

Mzinda uno uli pa mamita pafupifupi 1,550, ndipo chifuwa chamasuka. M'nkhokwe ya zolemba za tchalitchi chachikulu muli buku lolembedwa pamanja la Gaspar Fernandes, amene anachoka ku Guatemala kukatsogolera oimba ku Puebla mu 1606 ndipo anamwalira mu 1629. Muli nyimbo zoposa 250 za pakati pa 1609 ndi 1616, zambiri za mtundu wa villancico, zoimbidwa pa Khirisimasi ndi masiku ena aakulu m'chilankhulo cha anthu m'malo mwa Chilatini. Kuno kunatsogoleranso Juan Matías, wa mtundu wa Azapoteki, eni nthaka a dera lino, chapakati pa zaka za m'ma 1600, ndipo Zumaya anasamukira kuno mu 1738 n'kumwalirira kuno mu 1755.

Villancico ili ndi kolasi, imene amati estribillo, ndi ndime za woimba mmodzi kapena awiri, zimene amati coplas. Kolasi imaimbika bwino popanda zida. Ndime ndi zimene zimasowa pogwira, chifukwa pansi pake pankalira zeze. Njira imene tamva ikugwira ntchito ndi iyi: wa besi mmodzi aimbe mzere wa zezeyo ndi "dum" wamfupi, anthu awiri ang'ung'udze pansipansi manoti apakati, ena onse akhale chete. Kwaya yonse ikang'ung'udza, woimba ndime amakweza kuti amveke ndipo nkhani imatayika.

M'buku lomweli muli nyimbo za m'Chinahuatl, kuphatikizapo yogonekera mwana imene makwaya a m'mayiko ambiri amaimba. Mulinso zotchedwa negrillas kapena guineos, zimene olemba a tchalitchi ankatsanzira Chisipanishi cha akapolo ochokera ku Africa, ambiri a iwo a ku Angola ndi Congo m'zaka zimenezo. Kagundidwe kake n'kokoma ndipo magulu amakonda kutsekera nazo. Ife sitikuti zisaimbidwe. Koma tikukana kuziimba moseketsa, ndi nkhope zopindika, omvera osauzidwa kanthu. Mawu aja analembedwa ndi anthu amene sanali akapolo, za anthu amene anagulitsidwa pa msika. Wotsogolera anene zimenezi m'masentensi awiri asanakweze dzanja.

Loweruka, Morelia ndi Pátzcuaro

Tinayenda usiku kubwerera ku Mexico City, kenako maola ena anayi kumadzulo. Ku Morelia kuli Conservatorio de las Rosas, imene inayamba mu 1743 ngati sukulu ya atsikana. Kwaya ya ana ya Niños Cantores de Morelia inayambira pano mu 1949, wopeka nyimbo Miguel Bernal Jiménez ataitana Romano Picutti, amene ankaphunzitsa kwaya ya anyamata ya ku Vienna. Sitinachedwepo. Chimene tinadzera chili cha ku nyanja ya Pátzcuaro, ulendo wa ola limodzi.

Pirekua ndi nyimbo ya anthu a mtundu wa P'urhépecha, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2010. Oimba ake amatchedwa pireri. Amaimba mmodzi, awiri kapena atatu, kawirikawiri ndi gitala, ndipo ili ndi mitundu iwiri: son yodekha ya 3/8 ndi abajeño yothamanga ya 6/8. Mawu awiri amayenda moyandikana njira yonse, wina akakhala pa d mnzake pa m, wina pa r mnzake pa f, kukwera ndi kutsika limodzi.

Okonza nyimbo za makwaya amaona kuti izi n'zosakwanira, ndiye amathira magawo anayi, manoti odutsa, ndi mathero a m'tchalitchi. Zotsatira zake zimamveka ngati nyimbo ya m'buku la mapemphero. Ngati kwaya ili ndi anthu ambiri, igawidwe pawiri basi, amuna abwereze pansi zimene amayi akuimba, ndipo awiri kapena atatu atenge ntchito ya gitala. Pa chilankhulo, kachizindikiro ka mu p', t' ndi k' kamatanthauza mpweya wotuluka, chimodzimodzi ph, th ndi kh wathu. Alendo ambiri amakanika kusiyanitsa, ife tinabadwa nako. "Rh" amatchulidwa nsonga ya lilime itapindikira kumbuyo.

Lamulungu

Kubwerera ku Mexico City, kenako ndege ya kumpoto mpaka Torreón. Kunja kwa zenera kubiriwira kunatha, kunatsala chipululu.

Lolemba, Sapioriz

Sapioriz ndi mudzi waung'ono m'boma la Lerdo, chigawo cha Durango, m'mbali mwa mtsinje wa Nazas, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera ku Torreón. Dera lonseli amalitcha La Laguna, ndipo linali la minda ikuluikulu ya thonje mpaka 1936 pamene Pulezidenti Lázaro Cárdenas anagawa malo kwa alimi. Anthu ogwira ntchito m'mindamo, osauka moti sakanatha kugula gitala, ndiwo anasiya canto cardenche, dzina lochokera ku chomera cha minga cha m'chipululu muno. Pa zonse zimene tamva sabata ino, iyi yokha ndi imene inabadwa yopanda chida chilichonse. Zina zonse tinachita kuzivula zida.

Amaimba atatu, aliyense gawo lake. Wapakati amatchedwa fundamental. Ndiye amasunga mawu ndi njira ya nyimbo, amasankha kiyi poyang'ana pakhosi pa anzake tsiku limenelo, ndipo amayamba yekha. Wapansi amatchedwa arrastre, ena amati marrana, ndipo amakokera mawu ake pansi pa wapakatiyo. Wapamwamba ndi contralta, amene amaimba pamalire a mawu ake, mokakamiza, kuvutika kwake kukumveka. Awiriwa amalowa wapakati atatchula kale masilabo oyamba. Nkhani zake ndi chikondi, kukanidwa, kutsanzikana ndi ulendo. Kale ankaimba madzulo ataweruka, panja, kawirikawiri akumwa sotol, kachasu wa kuno.

Palibe kagundidwe koti n'kuponda phazi. Mzere umatalika monga mmene mpweya wa wapakati wafunira. Amaima mwadzidzidzi, nthawi zina pakati pa liwu, n'kukhala chete nthawi yoti mlendo angayambe kuwomba m'manja, kenako n'kupitiriza onse pamodzi popanda wokweza dzanja. Amatha kutero chifukwa amaima moyandikana kwambiri, akumva kupuma kwa mnzawo, ndiponso chifukwa aimbira limodzi zaka zambiri. Pochoka pa noti ina kupita pa ina satsetsereka mofanana: wina amafika msanga, wina amachedwa, ndipo kwa kanthawi mawu amakhulana asanagwirizane. Mphunzitsi wa kwaya angathamangire kukonza pamenepo. Asakonze. Kukhulanako n'kumene kumapatsa nyimboyi ululu wake.

Bungwe la boma loona za mbiri ndi chikhalidwe, INAH, linajambula oimbawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2008 gulu la Cardencheros de Sapioriz linalandira mphoto ya dziko ya Premio Nacional de Ciencias y Artes. Ngakhale zili choncho, amene anaphunzira kwa makolo awo atsala owerengeka ndipo ndi okalamba. Ku La Flor de Jimulco, mbali ya Coahuila, kunalinso mwambo womwewu. Tsopano kuli amayi ndi achinyamata amene akuphunzira, ndipo ku Mexico City kuli Coro Acardenchado, kwaya imene imakonza nyimbozi kuti ziimbidwe ndi anthu ambiri. Zimenezi zathandiza kuti dzina limveke kutali. Komabe anthu makumi awiri sangapume ngati atatu, ndipo pamafunika dzanja lowatsogolera, choncho chimene chimatuluka ndi nyimbo ina yatsopano. Tikufuna kuti oimba azinena zimenezi poyera, ndi kutchula Sapioriz.

Kwa ofuna kuyesa, njira imene tingalimbikitse ndi iyi. Musalembe manoti, chifukwa mukangoika mizere ya muyeso oimba adzayamba kuwerenga ndipo malo a chete aja adzasanduka kuwerenga mpaka zinayi. Sankhani anthu atatu okha. Amvere nyimbo imodzi yojambulidwa ndi eni ake tsiku lililonse kwa sabata, osaimba. Sabata yachiwiri onse atatu aphunzire gawo lapakati, mawu onse pamtima, kuti aliyense adziwe kumene nyimbo ikupita. Sabata yachitatu wapansi ndi wapamwamba apeze njira zawo ndi khutu, ataima mapewa akugundana. Kachitsulo kopezera kiyi kakhale m'thumba: wapakati ayambe pamene wapamwamba angafike movutikira koma osathyoka, ndipo akathyoka, tsitsani pang'ono muyambenso. Aimbire panja kapena m'chipinda chouma, chifukwa m'tchalitchi chamiyala mawu otsalira m'mwamba amadzaza malo a chete aja. Ngati pafunika maikolofoni, ikhale imodzi pakati pa atatuwo, pamtunda wa mkono umodzi, ndipo wa makina asawonjezere chilichonse.